Banja Limene Linazungulira Dziko pa Ngalawa ya Matanga

Mu Julayi 1952 ngalawa yaing'ono ya matanga yotchedwa Wanderer III inatuluka m'doko la Yarmouth, pa chilumba cha Isle of Wight kummwera kwa England, ndipo m'katimo munali anthu awiri okha, Bambo Eric Hiscock ndi akazi awo Mayi Susan. Patapita zaka zitatu, mu Julayi 1955, ngalawayo inalowanso m'doko lomwelo itazungulira dziko lonse lapansi, ulendo wa mamailosi oposa 30,000. M'litali mwake inali mapazi 30, ndiko kuti mamita 9, ndipo m'mimba mwake simunkakwana mamita 3. Aphunzitsi amene akuwerenga nkhani ino angathe kuyesa pansi m'kalasi mwawo, ndipo adzaona kuti nyumba yonse ya banja limeneli, mophikira, mogona, mosungira zakudya ndi molembera, inali yochepa poyerekeza ndi chipinda chimodzi chophunziriramo.

Njira yawo inali yotere: anatsika ndi gombe la Spain ndi Portugal, nawoloka nyanja ya Atlantic kufika ku zilumba za West Indies, nadzera mu ngalande ya Panama, nadutsa zilumba za m'nyanja ya Pacific mpaka ku New Zealand ndi Australia. Pobwerera kwawo anawoloka nyanja yamchere ya India, naima ku Durban ndi ku Cape Town, nakweranso ndi Atlantic kufikira kwawo.

Anthu ambiri akamva za ulendo wotere amafunsa za namondwe ndi mafunde. Zimenezo zilipo ndithu, koma amene anawerenga mabuku a Bambo Hiscock, monga Cruising Under Sail la 1950 ndi Voyaging Under Sail la 1959, adziwa kuti masamba ake ochuluka amanena za zingwe, nsalu, utoto, nangula ndi kasungidwe ka madzi. Namondwe amabwera kamodzikamodzi, pamene kutha kwa zipangizo kumachitika tsiku ndi tsiku, ndipo ngalawa imene yapirira namondwe ndi imene inasamalidwa pa masiku a bata. Anati akuluakulu, walira mvula walira matope. Wofuna kuona zilumba zakutali wafunanso singano ndi burashi.

USIKU NDI USANA

Ngalawa ikakhala pakati pa nyanja palibe poima kuti anthu agone. Kuchokera ku zilumba za Canary kukafika ku Barbados pali mamailosi a panyanja pafupifupi 2,700, ndipo ngalawa yaing'ono yoyenda mamailosi 100 patsiku imatha pafupifupi milungu inayi osaona mtunda. Masiku onsewo payenera kukhala wina wopenya mphepo, matanga, kampasi ndi nyali za sitima zazikulu zimene zingagunde ngalawa usiku osadziwa n'komwe. Tsono pokhala anthu ndi awiri okha, amagawana ulonda mosinthana, maola atatu kapena anayi munthu mmodzi, mnzake ali m'tulo. Kotero mwamuna ndi mkazi okhala m'kachipinda kamodzi amaonana maola ochepa patsiku, makamaka pa nthawi ya chakudya ndi posintha matanga.

Apa mpamene pamagona nkhani ya kukhulupirirana. Wogonayo wapereka moyo wake m'manja mwa mnzake, ndipo sangapeze tulo ngati akayika kuti mlondayo akuodzera. Wokhala pa tsigiro nayenso ayenera kudziwa ntchito zonse, kuchepetsa thanga mphepo ikakula, kuwerenga mapu, kupopa madzi olowa m'ngalawa, pakuti mnzake akadwala kapena kuvulala palibe wachitatu woti aitanidwe. Chifukwa chake pa ngalawa zotere ntchito sizigawidwa kuti iyi ndi ya abambo, iyi ndi ya amayi. Mayi Susan anali mmalinyero wokwanira payekha, wodziwa kuyendetsa ngalawa usiku wa mdima monga amuna awo.

MADZI NDI CHAKUDYA

Chinthu chodabwitsa kwa ife a kunyanja ya madzi okoma ndi chakuti munthu angathe kufa ndi ludzu atazingidwa ndi madzi mbali zonse. Madzi amchere samweka. Amalinyero a zaka zimenezo ankayesa madzi akumwa ndi kapu, malita awiri kapena atatu patsiku kwa munthu mmodzi, akumwa ndi ophikira omwe. Kutsuka mbale, kuchapa ndi kusamba zinkachitika ndi madzi amchere, ndipo mvula ikagwa ankatchera thanga kuti madzi ake atsikire m'ndowa.

Firiji munalibe. Chakudya chinali cha m'zitini, mpunga, ufa, anyezi, mbatata ndi nsomba zogwidwa m'njira. Popeza pansi pa ngalawa pamakhala chinyezi, mapepala a pa zitini ankamatuka, kotero anthu ochenjera ankawachotseratu ndi kulemba dzina la chakudya pa chitini ndi utoto, kuopa kutsekula mapichesi pamene akufuna nyama. Mazira ankawapaka mafuta kuti mpweya usalowe, ndi kuwatembenuza kawirikawiri, ndipo potero ankakhala milungu ingapo. Chitofu cha palafini chinkapachikidwa pa zitsulo zolendewera kuti mphika ukhale chilili pamene ngalawa ikupendekeka. Chinthu chilichonse chinali ndi malo ake, chomangidwa kapena chotsekeredwa, pakuti mpeni wosiyidwa pa tebulo nthawi ya mafunde usanduka mkondo.

ADANI A NGALAWA

Tsopano tione adani amene amadya ngalawa mwakachetechete. Woyamba ndi kachirombo ka m'madzi amchere ofunda kotchedwa teredo. Kamalowa m'thabwa kali kakang'ono, pa kabowo kosaoneka bwino ndi maso, ndipo kamakulira m'katimo kakuboola njira zake, kunja kwa thabwa kukuoneka kwabwinobwino. Ntchito yake ifanana ndi ya chiswe mu mtanda wa denga, umene uoneka wolimba kufikira tsiku limene ugwa. Asodzi athu a mabwato sakadziwa kachiromboka chifukwa sikakhala m'madzi opanda mchere. Pofuna kukaletsa, Wanderer III inakutidwa kunsi kwake ndi timapepala ta mkuwa tokhomedwa ndi misomali, ndipo ngalawa zina zimapakidwa utoto wa mankhwala chaka ndi chaka.

Wachiwiri ndi ndere ndi tinkhono tomamatira kunsi kwa ngalawa, timene timachepetsa liwiro lake, kotero kuti ulendo utalika pamene madzi akumwa ndi omwe aja. Pa magombe ambiri a nyanja yamchere madzi amaphwa ndi kudzazanso kawiri patsiku, ndipo eni ngalawa amagwiritsa ntchito mwayi umenewo. Amatsamiritsa ngalawa ku khoma la doko madzi atadzaza, ndipo akaphwa amatsika onse awiri ndi zopalira ndi maburashi, kugwira ntchito mothamanga madzi asanabwerere.

Wachitatu ndi kuwola kwa matabwa, ndipo chodabwitsa ndi chakuti kumabwera ndi madzi a mvula koposa a m'nyanja, pakuti mchere umachedwetsa kuwola. Kadontho kolowa pa mng'alu wa pamwamba, n'kukakhala pa ngodya yopanda mpweya, kangathe kuwoletsa nthiti ya ngalawa m'zaka zochepa. Mankhwala ake ndi kutseka ming'alu msanga, kutsekula makabati pa tsiku la dzuwa, ndi kuyendera ngodya zonse ndi nsonga ya mpeni kufuna pamene pafewa.

Wachinayi ndi kukhulana. Ngalawa imagwedezeka usana ndi usiku osaleka, ndipo thanga likakhudza waya wogwira mlongoti, kapena chingwe chikakhudza chitsulo, zimakhulana kambirimbiri patsiku mpaka ulusi utadukaduka. Matanga a nthawi imeneyo anali a thonje kapena a fulakesi, amene ankachita nkhungu akapindidwa ali onyowa. Nsalu zosawola za Terylene zinayamba kufala cha pakati pa zaka za m'ma 1950. Tsono m'mawa uliwonse wina amayendera ngalawa kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, kuona msoko uliwonse ndi mfundo iliyonse. Msoko wosomoka utali wa chala usokedwa pa mphindi khumi. Ukasiyidwa mpaka mphepo ya usiku, thanga lonse ling'ambika pakati.

Wachisanu ndi dzimbiri. Mchere umadya chitsulo, ndipo zitsulo ziwiri zosiyana zikakhudzana m'madzi amchere, chimodzi chimadyeka msanga. Unyolo wa nangula, mawaya a mlongoti ndi mabawuti ziyenera kuonedwa ndi kupakidwa mafuta, chifukwa usiku wa mphepo padoko moyo wa ngalawa yonse umapachikika pa mphete yofooka koposa ya unyolowo.

KUDZIWA PAMENE ULI

Panyanja palibe phiri kapena mtengo woti munthu adziwire njira. A Hiscock ankayesa kukwera kwa dzuwa ndi nyenyezi ndi chipangizo chotchedwa sextant, kenaka n'kuwerengera ndi mabuku a masamu. Dzuwa la masana limauza munthu kutalika kwake kumpoto kapena kummwera, koma kuti adziwe za kuvuma ndi kuzambwe pafunika wotchi yolondola kwambiri. Aphunzitsi a masamu angakonde kudziwa kuti wotchi ikalakwa ndi masekondi 4 okha, malo a ngalawa pa mapu amalakwika ndi mailosi imodzi ya panyanja, imene ndi mamita 1,852, ngati ili pafupi ndi pakati pa dziko. Nchifukwa chake wotchi inkapukusidwa pa ola lomwelo tsiku lililonse ndi kuyerekezedwa ndi nthawi ya pa wailesi. Zonse zinkalembedwa m'buku la ulendo: mphepo, njira, mtunda woyendedwa, ndi chilichonse chimene chawonongeka kapena kukonzedwa.

Nyengo nayonso ili ndi lamulo lake. Ku West Indies anamondwe aakulu amabwera kuyambira Juni mpaka Novembala, pamene kummwera kwa Pacific ndi kummwera chakuzambwe kwa nyanja ya India amabwera kuyambira Novembala mpaka Epulo. Awerengi athu sanaiwale namondwe wa Freddy amene anasakaza chigawo chakummwera kwa dziko lino mu Malichi 2023. Anachokera m'nyanja yomweyo imene Wanderer III inawoloka. Amalinyero amakonza ulendo wonse molingana ndi miyezi imeneyi, ndipo miyezi yodikira padoko ndiyo ya ntchito zazikulu, kutsitsa mlongoti, kupaka utoto ndi kusoka matanga atsopano.

Masiku ano zambiri zapepuka. Kuyambira zaka za m'ma 1990 makina a GPS amaonetsa malo a ngalawa nthawi yomweyo, magetsi a dzuwa amayatsa nyali, ndipo pali makina ochotsa mchere m'madzi. Koma makina aliwonse owonjezedwa ndi ntchito yowonjezedwanso, pakuti mchere umadya mawaya a magetsi monga umadyera unyolo, ndipo pa chilumba chakutali palibe makaniko.

KUKULA KWA NGALAWA NDI KUKULA KWA NTCHITO

A Hiscock sanali anthu olemera. Ankadya za cholembera ndi kamera, kulemba mabuku ndi nkhani za m'magazini, ndipo zithunzi ankazitsukira m'ngalawa momwemo. Ndalama zimene anthu ena amalipira amisiri iwo ankazisunga pogwira ntchito ndi manja awo. Anazunguliranso dziko kachiwiri ndi Wanderer III kuyambira 1959 mpaka 1962. Mu 1968 anatenga ngalawa yaikulu yachitsulo, Wanderer IV, ya mapazi 49, yomangidwa ku Netherlands, yokhala ndi malo ambiri ndi makina ambiri. Koma chitsulo chifuna nkhondo yosatha yolimbana ndi dzimbiri, ndipo manja anali anayi omwe aja, akunka nakalamba. Ngalawa yawo yotsiriza, Wanderer V, inali yamatabwa ndiponso yocheperapo, yomangidwa ku New Zealand. Bambo Hiscock anamwalira mu 1986 ku Whangarei m'dziko lomwelo, ndipo Mayi Susan anabwerera ku Yarmouth kumene anamwalira mu 1995.

Nanga Wanderer III? Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 inafika m'manja mwa Bambo Thies Matzen, mmisiri wa ngalawa zamatabwa, amene pamodzi ndi akazi awo Mayi Kicki Ericson anapita nayo mpaka ku South Georgia, chilumba cha madzi oundana kummwera kwa Atlantic. Bungwe la Cruising Club of America linawapatsa mendulo ya Blue Water Medal ya chaka cha 2011, mendulo yomweyo imene a Hiscock analandira ya chaka cha 1955. Ngalawa imodzi, mabanja awiri, ndipo pakati pake zaka 56. Matabwa ake anafika m'manja mwa banja lina ali amoyo chifukwa amene anaigwira poyamba sanaisiyire kuwola.

Mfundo imeneyi ikhudza aliyense amene wapatsidwa katundu wa Boma kuti amusunge. Nyumba ya mphunzitsi, madesiki, mjigo wa pasukulu, galimoto ya ofesi, zonsezi zili ndi adani ake osapanga phokoso, chiswe, dzimbiri ndi kadontho ka padenga. Boma limamanga ndi kugula, koma silingaime pa khomo lililonse kuona msomali umene wazuka pa lata. Kusiyana kwake ndi kwakuti wa pangalawa akanyalanyaza amamira yekha, pamene wa muofesi akanyalanyaza amasamutsidwa, ndipo denga limagwera mnzake wobwera m'malo mwake ndi ana a sukulu.

Tsono tikupempha akulu a masukulu ndi a maofesi kuti atengereko mwambo umodzi wa amalinyero, umene sufuna ndalama. Pakhale buku lolembamo chimene chawonongeka, tsiku limene chinaonedwa, ndi tsiku limene chinakonzedwa. Pakhalenso m'mawa umodzi pa mlungu woyendera nyumba yonse kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, mvula isanayambe. Ndipo wosamutsidwa akamapereka makiyi kwa mnzake, apereke pamodzi ndi bukulo.