Mphika wa ku Usisya Utiphunzitse Kusamala Ndalama

Chitsitsireni mphamvu ya Kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mafuta ophikira, shuga ndi ufa wa tirigu zakwera mtengo kwambiri. Ku Usisya, m'boma la Nkhata Bay, kumene katundu wa m'sitolo amafika pa sitima ya Ilala kapena pa msewu wovuta wochokera ku Mzuzu, mtolo umenewu ngolemera koposa.

Komatu ife tikuona kuti chakudya chilipo pakhomo. Chinangwa chikaviikidwa m'madzi masiku angapo chimatha ululu, ndipo ufa wake ndiwo wophikira kondowole. Kondowole payekha amapatsa mphamvu, koma samanga thupi la mwana. Zomanga thupi zili mu usipa, umene timadya ndi minga yomwe, ndiponso m'chigwada chosinja, chowiritsa bwino ndi kutendera nsinjiro, chosalira ngakhale dontho la mafuta.

Choncho tikupempha aphunzitsi ndi alangizi onse kuti asaphunzitse kaphikidwe kamene iwo eni sanakayese. Ayeze ufa ndi kapu, alembe mtengo wa ndiwo, awerenge nkhuni zimene zapsa, ndipo aone ngati ana atsiriza chakudya m'mbale. Malangizo olira ndalama zimene mayi alibe amathera pa bolodi.