Kusiya tenti n'kugula kalavani: mupindulanji, mutayanji?

Mvula ikakata, anthu okonda kukapuma kunyanja ndi kumalo osungirako nyama amayamba kukutumula matenti awo. Ku Senga Bay, Cape Maclear ndi Nkhata Bay, pambali pa matentiwo nthawi zina pamaima kanyumba ka matayala kokokedwa ndi galimoto, kawirikawiri ka alendo ochokera ku South Africa. Kanyumbako ndi kalavani. Munthu amene wagona pansi usiku wonse akakaona amasirira, koma asanatulutse ndalama ayenera kudziwa kuti kalavani imapatsa mpumulo, n'kulanda ufulu wofika kulikonse.

Kuyenda ndi kalavani pofuna kusangalala kunayambira ku Britain. M'chaka cha 1885, dokotala wina wotchedwa William Gordon Stables adapangitsa ngolo yogonamo yokokedwa ndi akavalo, n'kuitcha The Wanderer. Pofika 1907 okonda maulendo oterewa adakhazikitsa bungwe la Caravan Club. Kummwera kwa Africa kuno mwambowu udazika mizu ku South Africa, komwe kuli makampani opanga makalavani monga Jurgens.

Phindu loyamba ndi tulo. Mu kalavani mumagona pa bedi la matiresi lomwe lili pamwamba, kutali ndi chinyontho, linthumbu ndi madzi othamanga mvula ikagwa usiku. Makoma ake sagwedezeka ngati nsalu mphepo ya mwera ikamaomba kunyanja m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi. Mazenera ake amakhala ndi sefa yotchinga udzudzu, ngakhale kuti kugona m'masikito n'kofunikabe. Kwa achikulire odandaula msana ndi mabanja a ana aang'ono, izi zokha zimakwanira kusintha ulendo wonse.

Phindu lachiwiri ndi nthawi. Wa tenti amalongedza katundu kunyumba, kumasula akafika, kukhoma zikhomo, ndipo pobwerera amayanika tentiyo kuti isachite nkhungu. Mu kalavani mapoto, mbale ndi zofunda zimakhala momwemo chaka chonse. Mukafika mumangoimasula kugalimoto, kutsitsa miyendo yake inayi ya m'makona, kenako galimoto imakhala yomasuka kupita kumsika kapena kukaona nyama. Makalavani ambiri ali ndi chitofu cha gasi, firiji, thanki ya madzi ndi batire lomwe lingathe kudzazidwa ndi sola. Chitseko chake chimakiyidwa, motero anyani ndi apusi omwe amasautsa m'misasa yambiri sapeza mpata wakuba chakudya.

Komatu walira mvula walira matope. Vuto loyamba ndi mtengo. Tenti ya banja mungathe kuipeza m'sitolo kapena pa kaunjika, pomwe kalavani nthawi zambiri muyenera kuiitanitsa kunja, kulipira ndi ndalama zakunja zomwe n'zosowa, kenako msonkho ku MRA. Poti ndi ngolo yoyenda pamsewu, iyenera kulembetsedwa, kukhala ndi nambala yake ndi magetsi akumbuyo ogwira bwino. Zipangizo zake zina, monga mazenera ndi zokiyira, sizipezeka wamba m'sitolo za mdziko muno.

Vuto lachiwiri ndi kulemera. Tenti ya anthu awiri mwana wa sukulu amanyamula kumsana, pomwe kalavani ya banja ikadzaza imatha kupitirira makilogalamu 1,000. Mabungwe a eni makalavani ku Britain amalangiza kuti woyamba kumene asakoke kalavani yolemera kuposa magawo 85 pa 100 aliwonse a kulemera kwa galimoto yake. Izi zikutanthauza kuti tigalimoto ting'onoting'ono tomwe tadzadza mu Blantyre ndi Lilongwe sitingaithe ntchitoyi, ndipo wogula kalavani angakakamizike kugulanso galimoto yamphamvu. Ku South Africa laisensi ya B imalola kukoka ngolo yosapitirira makilogalamu 750, ndipo yolemera kuposa pamenepo imafuna laisensi ya EB. Musanagule, pitani ku ofesi ya Road Traffic mukamve zomwe laisensi yanu ikulola.

Kukoka kalavani kumafunanso luso. Galimoto imatenga mtunda wautali kuti iime, kupitirira galimoto ina kumavuta, ndipo pobwerera m'mbuyo ngolo imakhotera mbali yosiyana ndi komwe mwapotolera chiwongolero. Mukaunjika katundu wolemera kumbuyo kwa kalavani, imayamba kupepeluka mukathamanga kapena mukapambana ndi thiraki, ndipo imatha kugubuduza galimoto. Katundu wolemera amayenera kukhala pansi, pafupi ndi matayala. Injini nayo imamwa mafuta ochuluka, nkhani yosapepuka m'dziko lomwe mizere ya pa malo omwetsera mafuta si yachilendo.

Koma chomwe chimagamula nkhaniyi m'Malawi ndi msewu. Ku Senga Bay phula limafika mpaka kunyanja, ndipo kalavani imayenda bwino. Kukwera ku Livingstonia kuchokera pa Chitimba ndi nkhani ina, chifukwa msewu wa Gorodi uli ndi makona pafupifupi 20 okhota kwambiri pa phiri lotsetsereka. Wopita ku Chelinda pa Nyika amayenda mtunda wautali pa msewu wafumbi womwe umaterera nthawi ya dzinja. Pamwamba pa phiri la Mulanje pamafikika wapansi basi. Ku Likoma ndi Chizumulu wa tenti amangokwera Ilala chikwama chili kumsana. Malo ambiri okongola kwambiri mdziko muno ali kumapeto kwa njira zomwe kalavani wamba singadutse.

Ngakhale ili chiimire kunyumba, kalavani imadya ndalama. Imafuna malo mumpanda, chinthu chovuta kwa wokhala m'nyumba ya lendi. Madzi akalowa pa molumikizira denga amaoletsa matabwa a mkati mwakachetechete, kotero wogula yakale ayenera kununkhiza ndi kupapasa makoma ndi pansi. Matayala amang'aluka ndi dzuwa ngakhale asanayende mtunda. Mapaipi a gasi nawo amafuna kuyenderedwa, ndipo kuyatsa mbaula ya makala m'kati, kaya mwa kalavani kaya mwa tenti, kumapha chifukwa cha mpweya woipa wosanunkha.

Pakati pa ziwirizi pali njira zina. Pali tenti yomangidwa padenga la galimoto, yomwe imakuchotsani pansi popanda kukoka kanthu. Palinso ngolo zazing'ono zolimba zopangidwira misewu yoipa, zokhala ndi khitchini ndi tenti yopinda, ngakhale kuti mtengo wake nawo ndi wokwera.

Pofuna kusankha, werengani maulendo omwe mudayenda chaka chathachi. Banja lomwe limapita kunyanja kangapo pachaka, n'kukhala malo amodzi sabata yathunthu, lili kale ndi galimoto yamphamvu ndi bwalo loimikapo, lidzaikonda kalavani. Koma amene amatuluka kamodzi kapena kawiri pachaka, kapena mtima wake uli kumapiri ndi kuzilumba, angachite bwino kugula tenti yokulirapo ndi matiresi abwino, ndalama zotsalazo n'kuthira mafuta a maulendo ena.