KUKONZA ZIMANGIRIZO ZA OPHUNZIRA: NTCHITO YABWINO, KOMA ILI NDI MALIRE

Pamene Yunivesite ya Malawi inakhazikitsidwa m'chaka cha 1964, ana amene ankafika ku sukulu ya ukachenjede anali owerengeka. Lero sukulu zotere zachuluka: ya Mzuzu, ya Livingstonia, ya Nkhoma, LUANAR ya ku Bunda, MUST ya ku Thyolo, ndi zina. M'chaka cha 2021 Yunivesite ya Malawi yomweyo inagawidwa, ndipo munatuluka MUBAS ndi KUHeS. Ophunzira onsewa amalemba zimangirizo ndi malipoti a kafukufuku m'Chingerezi, chinenero chimene ambiri mwa iwo salankhula pakhomo.

Nchifukwa chake aphunzitsi ena, ndi anyamata ndi atsikana otsiriza maphunziro, ayamba kabizinesi kapadera kokonza zolemba za ophunzirawa pa nthawi yopuma. Ife tiona kuti ntchitoyi ndi yabwino, ndipo ingathandize banja kugula sopo ndi mchere. Koma ili ndi malire ake, ndipo wowadumpha awononga mwana wa mwini pamodzi ndi mbiri yake yomwe.

Zofunika poyamba

Mpamba wake si wochuluka. Pafunika kompyuta, intaneti ya pa foni, dikishonale yabwino, ndi Chingerezi chokhwima. Wokonza adziwenso njira zosonyezera mabuku amene wophunzira wawerenga, monga APA ndi Harvard, pakuti koleji iliyonse ili ndi njira imene imafuna.

M'mawi ali ndi mwayi pa ntchitoyi, chifukwa adziwa pamene ana athu amapunthwa. M'Chichewa timati "iye" kwa mwamuna ndi mkazi yemwe, tsono mwana asokoneza he ndi she. Tilibe timawu tonga a ndi the, tsono atiiwala kapena atiika posayenera. L ndi r kwa ife sizisintha tanthauzo, koma m'Chingerezi pray ndi play ndi zinthu ziwiri. Palinso kusakaniza kalembedwe ka ku Britain ndi ka ku America, colour pa tsamba loyamba, color pa lachiwiri. Wokonza wodziwa mbuna zimenezi agwira ntchito yake mwachangu ndi mwaluso.

Za malipiro, pangananitu musanayambe. Werengerani mtengo pa tsamba kapena pa chiwerengero cha mawu, ndipo tchulani tsiku lobwezera ntchito. Ena amalandira theka poyamba kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, ndi theka lina pomaliza. Lembani zonse m'kabuku. Kumbukiraninso kuti ntchitoyi ili ngati dzinja: imachuluka kumapeto kwa semesita ndipo imazilala pa tchuthi. Musalandire zimangirizo khumi pamene nthawi yanu ikwanira zitatu, pakuti kuthamanga si kufika.

Pamene pali malire

Tsono tifike pa mutu weniweni. Kukonza ndi kwina, kulembera munthu ndi kwinanso. Wokonza awongola kalembedwe ka mawu, zizindikiro za m'kalembedwe ndi ziganizo zopotoka. Pamene ganizo silimveka, alemba pambali kuti, "Apa mufuna kunena chiyani?" Koma saonjezera mfundo zake, sasintha zotsatira za kafukufuku, ndipo salemba ndime yatsopano. Maganizo onse akhale a mwini chimangirizo.

Mu Microsoft Word muli njira yotchedwa Track Changes, imene imaonetsa chilichonse chimene chasinthidwa, monga cholembera chofiira cha mphunzitsi m'kope. Gwiritsani ntchito imeneyi nthawi zonse. Wophunzira aona pamene analakwa, avomereza yekha chokonzedwacho, ndipo mawa sabwerezanso. Wokonzanso akhala ndi umboni wa zimene anachita. Muuzeni wophunzira ayambe wafunsa malamulo a koleji yake, pakuti ena amalola thandizo lotere pokhapokha mphunzitsi atadziwa.

Chiyeso chidzafika ndithu. Adzabwera wina ndi ndalama zambiri, nadzati, "Nthawi yandithera, ingondilemberani." Pamenepo yankho ndi limodzi: iyayi. Makoleji ambiri amayeza zolemba ndi Turnitin, imene imafananitsa chimangirizo ndi zolemba zina zosawerengeka, ndipo wogwidwa angalepheretsedwe kapena kuchotsedwa sukulu. Ku Australia anakhazikitsa lamulo loletsa malonda olembera ophunzira m'chaka cha 2020, ndipo ku England anachita chimodzimodzi mu 2022. Koma ngakhale pasakhale womugwira, taganizirani: namwino amene anagula chimangirizo chake ndiye adzaimika mankhwala a mwana wanu ku chipatala. Mphunzitsi wogula digiri ndiye adzaima pamaso pa adzukulu athu.

Nanga makina olemba okha?

Kuyambira mu November 2022, pamene ChatGPT inatuluka, ena amati ntchito ya wokonza yatha. Nzoona kuti makinawa amasalaza Chingerezi m'kamphindi. Koma nthawi zina amapeka maina a mabuku amene kulibe, ndipo amasintha ganizo la munthu iye osazindikira. Wokonza wokhulupirika amayang'ana ngati buku lililonse lotchulidwa m'kati lilinso pa mndandanda wa kumapeto, ndipo amakhala pansi ndi wophunzira kumufotokozera chifukwa chake chiganizo chinali cholakwika. Chimenechi ndicho adzalipidwira.

Kwa makolo tinena kuti, mwana akapempha ndalama "ya asayimenti", mufunseni bwino kuti ipita kukachita chiyani. Ndipo kwa inu ofuna kuyamba ntchitoyi: sungani chinsinsi cha zolemba za anthu, osapatsa wina chimangirizo cha mnzake, ndipo bwezani ntchito pa tsiku lopangana. Ophunzira amauzana okha za wokonza wabwino, ndipo mbiri yotere iposa chikwangwani chilichonse. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mthandizeni kuti adziwe kulemba yekha.