Kuchoka ku Bembeke kutsikira ku Mua: malo athu omwe alendo akuwadziwa kuposa eni akefe

Loweruka likafika, ambiri a ife pa Dedza pano timangozungulira pa msika, mwina kukakhala pa bawo mpaka dzuwa kulowa. Wina akati tiyeni tikayende, maganizo amathamangira ku Salima kapena ku Mangochi, kenako nkhani imathera pa ndalama. Chonsecho anthu amakwera ndege kuchokera kutali kudzaona mapiri, mapanga ndi mishoni zomwe zili kuseri kwa nyumba zathu zomwezi. Lero tiyeni tifotokoze zomwe zili m'dera la maparishi awiri, Bembeke pamwamba pa mapiri ndi Mua kumunsi kwake, ndi momwe munthu wamba angayendere popanda kuboola thumba.

Poyambira ndi pompano

Musanapite kutali, phiri la Dedza lili pakhomo. Nsonga yake ili pa mamita 2,198 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, koma musaope nambalayo, chifukwa tauni yathuyi ili kale pamwamba, pafupifupi mamita 1,600. Ndiye kuti chokwera chenicheni ndi mamita 600 basi. Pali msewu wafumbi wodutsa m'mitengo ya paini womwe umakafika pa nsanja za mafoni, ndipo munthu wa mphamvu zake akanyamuka m'mamawa, nkhomaliro amadzadyera kunyumba. Kukakhala kopanda nkhungu mumaona midzi ya ku Mozambique mbali inayo, ndi phiri la Chongoni chakumpoto. M'miyezi ya June ndi July tengani juzi, paja kuzizira kwa kuno simukufuna kuuzidwa.

Bembeke: parishi ya pamtunda

Mukatsata msewu wa M1 ngati mukupita ku Ntcheu, pasanathe mtunda wautali mufika pa Bembeke turn-off, pomwe amayi amagulitsa mbatata ya kachewere, kabichi ndi tomato m'mbali mwa msewu. Pamenepo mukhotere kumanzere, ndipo a kabaza amakhalapo tsiku lonse.

Mishoni ya Bembeke inayamba mu 1910, ndipo chiyambi chake chikugwirizana ndi Mua. Ansembe a chipani cha White Fathers omwe ankagwira ntchito kumunsi, kufupi ndi nyanja, ankavutika ndi kutentha komanso malungo, ndiye ankakwera kuno kudzapuma kumphepo. Pang'ono ndi pang'ono malo opumirawo anasanduka mishoni yaikulu, ndipo lero tchalitchi cha njerwa chomwe chili pamenepo ndicho kathidulo wa dayosizi ya Dedza. Episkopi woyamba wa dayosiziyi anali Ambuye Cornelius Chitsulo, Mmalawi woyamba kudzozedwa unsembe mu mpingo wa Katolika, mu 1937, yemwenso anakhala Mmalawi woyamba kukhala episkopi. Kaya ndinu a mpingo uti, imeneyi ndi mbiri ya dziko lonse, ndipo mwana wa sukulu ayenera kukaona pomwe inachitikira.

Chinanso chokoma ku Bembeke ndi kuyenda pansi kapena pa njinga. Njira zake zimadutsa m'madimba ndi m'zitunda, ndipo mukalowera chakum'mawa dziko limayamba kutsetsereka mpaka kukaona chigwa chonse cha kunyanja. Mukafuna kulowa m'nkhalango kapena m'njira zam'midzi, yambani mwaonekera kwa a mfumu kapena ku ofesi ya parishi, akupatseni mnyamata wodziwa njira. Osamangolowa paliponse ayi. Pali manda ndi madambwe pomwe munthu wosavinidwa sayenera kupondapo.

Khwekhwelere

Kuti mufike ku Mua pa galimoto, bwererani pa M1, pitirirani mpaka pa Masasa, n'kukhotera mu msewu wa ku Golomoti womwe tonse timautcha Khwekhwelere. Msewu umenewu pawokha ndi chinthu chokaona. Umapindapinda ngati njoka kutsika phiri, ndipo pamakona ena nyanja ya Malawi imaonekera patali. Pamwamba munyamuka mutavala juzi, pofika kumunsi mwavula, malambe ayamba kuoneka. M'mbali mwa msewu anyamata amagulitsa tigalimoto, tinjinga ndi tindege tosema ndi mtengo. Madalaivala, tsikani ndi giya yaing'ono, mabuleki okha amatentha. Pa Golomoti mukumana ndi msewu wa M5, mukhotere kumanzere ngati mukupita ku Salima, ndipo musanafike pa Mtakataka muona chikwangwani cha Mua.

Mua: zambiri pamalo amodzi

Mishoni ya Mua inatsegulidwa mu 1902, m'dera la Inkosi Kachindamoto, ndipo ndi imodzi mwa mishoni zakale kwambiri za Katolika m'dziko muno. Pali tchalitchi, chipatala, sukulu ya ana osamva, komanso malo a Kungoni omwe anayambitsidwa mu 1976 ndi bambo Claude Boucher ochokera ku Canada, omwe anthu anawapatsa mfunda woti a Chisale. Poyamba cholinga chinali kuphunzitsa anthu am'deralo kusema ndi kujambula, ndipo mpaka pano zosema za ku Mua zimapezeka m'matchalitchi a m'maiko ambiri.

Mkati mwa Kungoni muli nyumba yosungiramo za chikhalidwe ya Chamare. Dzinali linachokera kwa wansembe wina wakale, bambo Champmartin, omwe anthu ankangowatchula kuti Chamare. Muli zipinda zitatu zofotokoza moyo wa Achewa, Angoni ndi Ayao, kuyambira kubadwa, chinamwali, ukwati, ufumu mpaka maliro. Chipinda chomwe chimaimitsa anthu mutu ndi cha Gule Wamkulu, momwe muli zigoba mazanamazana, chilichonse ndi dzina lake ndi mwambo womwe chimaphunzitsa. Kumbukirani kuti bungwe la UNESCO linalemekeza Gule Wamkulu mu 2005 ngati chuma cha anthu a dziko lonse lapansi. Polowa pamakhala kandalama, ndipo mverani wokuyendetsani akakuuzani pomwe simuyenera kujambula.

Mukatopa ndi zam'nyumba, tsikirani kumtsinje wa Nadzipokwe womwe umadutsa pansi pa mishoni. Madzi anafukula miyala n'kusiya maenje ooneka ngati mikhate, ndipo pali mithunzi yabwino yodyerapo kamba wanu. Nthawi ya dzinja samalani ndi ana, chifukwa mvula ikagwa kumapiri mtsinjewu umadzaza mwadzidzidzi ngakhale pa Mua pasanagwe dontho. Kuseri kwake kuli nkhalango ya Mua-Livulezi, yabwino kwa okonda kukwera mapiri ndi kuona mbalame.

Nanga mapanga aja?

Tsiku lina lapadera lisungireni zojambula za pamiyala za Chongoni, kumpoto kwa tauni. UNESCO inaika malowa pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2006, ndipo muli malo 127 ojambulidwa. Odziwika kwa alendo ndi Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi. Zofiira ndi zakale kwambiri, za Akafula omwe ankakhala kuno Achewa asanafike. Zoyera anajambula ndi Achewa ndi dothi loyera, ndipo zambiri zikukhudza chinamwali cha atsikana ndi zilombo za nyau.

Apa ndi pomwe pali nkhani yowawa. Pamiyala ina anthu analembapo maina awo ndi makala ndi choko, pamwamba penipeni pa zojambula za makolo. Ena amasonkha moto m'mapanga, utsi n'kudetsa mwala. Kunja nako mitengo ikutha ndi makala ndi moto wolusa wa osaka mbewa. Chojambula chomwe chakhala zaka mazanamazana chikafufutika, palibe boma kapena bungwe lomwe lingachibwezeretse. Ndipo mapiri akayera, madzi omwe amatsikira ku Mua ndi ku Golomoti amabwera ndi mchenga ndi miyala, n'kukaononga minda ya anzathu kumunsi.

Mwana yemwe sanauzidwepo kuti chojambulacho n'chiyani, kwa iye ndi mwala chabe wolembapo dzina. N'chifukwa chake kupita kwathu kumaloko kuli ndi phindu. Mukalipira mnyamata wokulondolerani njira, mukagula chosema kapena mbatata, anthu apamudzi amaona kuti phiri ndi phanga zikubweretsa kanthu, ndipo amayamba kuziteteza okha.

Aphunzitsi, magulu a achinyamata, makwaya, ngakhale a banki m'khonde: sonkheranani, panganani ndi wa minibasi, nyamulani madzi, nsapato zolimba ndi jumbo yotoleramo zinyalala zanu. Nyengo yabwino ndi kuyambira May mpaka August, mvula itatha koma kutentha kusanafike. Mukakafika pa zojambula, onani ndi maso, manja m'thumba. Amene mwapitako kale, tiuzeni m'munsimu njira yomwe munadzera kuti ena atengerepo.