Mwana akadwala khansa, kholo nalo limafuna wolichirikiza

Ku Mabopane, kumpoto kwa mzinda wa Pretoria, mwana amene akuganiziridwa kuti ali ndi khansa amayambira ku kiliniki ya m'dera kapena ku chipatala cha Odi. Akachoka kumeneko amatumizidwa ku zipatala zikuluzikulu monga cha Dr George Mukhari ku Ga-Rankuwa kapena cha Steve Biko mkati mwa mzindawu. Ulendowu si wa tsiku limodzi ayi. Mwana wodwala khansa ya m'magazi amalandira mankhwala kwa zaka ziwiri kapena kuposerapo.

Apa ndi pamene mabanja ambiri amagwa mphwayi. Mayi amene amagulitsa tomato pafupi ndi siteshoni ya Mabopane amatseka benchi lake kuti akadikirire mwana m'chipatala. Ndalama zolowa pakhomo zimaima, pomwe za minibasi ndi chakudya zikungotuluka. Ana otsala kunyumba amayamba kujomba kusukulu. Tsono mwana akayamba kuoneka bwino pakatha miyezi ingapo, kholo lotopa limaganiza kuti wachira ndipo silibwereranso. Matendawa akabweranso amakhala ovuta kuchiza kuposa poyamba. Kholo lotere sitingalinene kuti ndi losasamala. Chalilepheretsa ndi umphawi komanso kusowa wolithandiza.

Malinga ndi bungwe la World Health Organization, ana pafupifupi 400,000 amadwala khansa chaka chilichonse. M'maiko olemera ana oposa 80 pa 100 alionse amachira, koma m'maiko ambiri osauka ochira safika 30. Mwa zifukwa zake ndi kuchedwa kupita kuchipatala ndi kusiyira mankhwala panjira. M'chaka cha 2018 bungweli lidakhazikitsa ndondomeko yoti pofika 2030, ana 60 pa 100 alionse azichira.

Ku South Africa, makolo eni ake ndiwo adayamba kuchitapo kanthu. M'chaka cha 1979 makolo a ana odwala khansa ku Johannesburg adakhazikitsa bungwe la CHOC, lomwe lero lili ndi nyumba pafupi ndi zipatala, momwe kholo ndi mwana ochokera kutali amagona ndi kudya kwaulere. Bungweli limathandizanso ndi ndalama zoyendera ndipo lili ndi alangizi okambirana ndi mabanja. Makolo ambiri sadziwa izi, choncho ndi bwino kufunsa anamwino kapena mlangizi wa pachipatala tsiku loyamba lomwelo.

Amalawi okhala m'derali ali ndi mtolo wina. Agogo ndi azakhali amene akadasinthana nawo podikirira wodwala ali kutali kumudzi, ndipo ena amaopa chipatala chifukwa cha mapepala. Komatu mu Epulo 2023 bwalo lalikulu la milandu ku Johannesburg lidagamula kuti ana osakwana zaka zisanu ndi chimodzi ali ndi ufulu wolandira chithandizo chaulere m'zipatala za boma, posatengera dziko lomwe achokera.

Ntchito yotsala ili m'manja mwa anansi, mipingo ndi ogwira ntchito zachitukuko. Magulu amene amasonkherana pa maliro angathenso kusonkherana ndalama ya minibasi mwana akadali moyo. Mnansi angaphikire ana otsala, kapena kukumbutsa kholo tsiku lobwerera kuchipatala. Ayeneranso kuuza anthu mosabisa kuti khansa si yopatsirana ndipo si ufiti, pakuti mphekesera zotere zimapatula banja pa nthawi yomwe likufuna anthu.

Pomayendera makomo, alangizi a zaumoyo aziyang'ana kadontho koyera m'diso la mwana, chotupa m'mimba kapena m'khosi, kutentha thupi kopitirira masabata awiri, kuwonda, kutuwa, kutuluka magazi popanda chifukwa, kuphwanya kwa mafupa, ndiponso mutu wosatha wotsagana ndi kusanza. Mwana wotere apite naye kuchipatala msanga, ndipo ngati sakusintha, abwerere naye kukapempha kuti amuyezenso.