Beseni la madzi silingaletse mimba

Inu amvetseri athu a ku Tsangano, ku Biriwiri, ku Furancungo ndi m'midzi yonse ya m'malire, pali funso limene anthu amanong'onezana kuchitsime ndi kudimba la mbatata, koma akafika pamaso pa anamwino pakamwa pamalemera. Kodi mayi angatenge pathupi bambo atavala kondomu, iyenso n'kudzitsuka bwinobwino akatha kugonana? Yankho lake lili pawiri. Kondomu imateteza kwambiri, ngakhale kuti nthawi zina imalephera. Kudzitsuka sikuteteza n'pang'ono pomwe.

Umuna umene bambo amatulutsa nthawi imodzi umakhala ndi mbewu mamiliyoni ambirimbiri zosaoneka ndi maso. Mbewuzi zimayenda zokha, ndipo pakangotha mphindi zochepa zina zimakhala zitalowa kale pakhomo la chiberekero. Pamene mayi akudzuka kukafuna beseni, zaliwiro zafika kale kumene chala kapena madzi sizingafike. Zimene zimatuluka potsuka ndi zotsalira chabe. Zimene zalowazo zimatha kukhala ndi moyo mpaka masiku 5, kudikira dzira la mayi, lomwe likatuluka limakhala maola 12 mpaka 24 okha. Choncho kugonana kwa Lolemba kukhoza kubala mimba Lachisanu, mayiyo atasamba kangapo konse pakati pa masikuwo.

Kukodza nakonso sikuthandiza, pakuti njira ya mkodzo ndi ina, ya chiberekero ndi inanso. Kudumphadumpha, kukhala chonjuta kapena kumwa mapiritsi a mutu ambirimbiri sikuchotsa kanthu. Mapiritsiwo akachuluka amangowononga chiwindi.

Mwambo wotsuka m'kati

Nkhani yotsuka m'kati si yachilendo kwathu kuno. M'chaka cha 2007, bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linachititsa kafukufuku m'makomo a m'chigawo chino cha Tete, monganso linachitira ku KwaZulu-Natal, ku Indonesia ndi ku Thailand. Ena mwa amene anagwira ntchitoyi ndi Brigitte Bagnol ndi Esmeralda Mariano. Anapeza kuti kuno ku Tete amayi pafupifupi 9 mwa 10 alionse amatsuka m'kati mwa njira ya abambo, ndipo ambiri amaikamonso mankhwala oumitsa kapena othinitsa. Amatero pofuna ukhondo ndiponso pofuna kusangalatsa abambo kunyumba. Palibe wowadzudzula, chifukwa ndi zimene anawalangiza azakhali ndi anamkungwi.

Koma thupi la mayi lili ndi alonda ake. M'katimo mumakhala tizilombo tabwino timene timachititsa kuti malowo akhale owawasa pang'ono, kuti tizilombo toipa tisaswane. Sopo, mchere, madzi a mandimu kapena viniga zimapha alondawa, ndipo kansalu kopukutira m'kati kamasiya timikwingwirima tosaoneka. Pamenepo m'pamene pamayambira kuyabwa, fungo ndi chikazi chachilendo chimene ambiri timachitcha mauka. Mu 2011 akatswiri anasonkhanitsa zotsatira za akafukufuku osiyanasiyana a kuno ku Africa, ndipo anaona kuti amayi otsuka m'kati ndi sopo kapena kansalu ankatenga kachilombo ka HIV kaŵirikaŵiri kuposa anzawo amene sankatero. Sambani ndithu, koma kunja kokha, ndi madzi oyera. M'kati mumadziyeretsa mokha.

Abambo, nkhaniyi ndi yanunso. Inu amene mumadandaula kuti m'katimo mwachuluka madzi, dziwani kuti pouma m'pamene kondomu imakhulana n'kuphulika. Chinyezi chija si uve, ndiponso si umboni woti mayi wayendayenda. Ndi mmene thupi linalengedwera.

Nanga kondomu imalephera bwanji?

Mabanja 100 akamagwiritsa ntchito kondomu moyenera nthawi iliyonse kwa chaka chathunthu, amayi pafupifupi 2 okha ndiwo amatenga pathupi. Koma monga mmene anthu ambiri amaigwiritsira ntchito, lero avala mawa aiwala, amayiwo amafika 13. Popanda njira iliyonse yolera amakhala pafupifupi 85. Onani kutalikirana kwa 2 ndi 13. Vuto kaŵirikaŵiri silikhala la mpirawo ayi, koma la manja amene akuugwira.

Cholakwika chachikulu ndi kuyamba popanda kanthu n'kudzavala pakatikati. Timadzi timene timatsogola umuna tikhoza kukhala ndi mbewu, choncho kondomu ivalidwe musanakhudzane n'komwe. Povala tsinani kansonga kake kuti mpweya utuluke. Mukatha, bambo atuluke asanafooke, atagwira mkombero wa kondomuyo kuti isavuke n'kutsalira m'kati. Kuvala ziwiri nthawi imodzi si kuchenjera: zimakhulana zokhazokha. Mafuta a Vaseline, ophikira kapena odzola amafooketsa mpira m'kanthawi kochepa. Ngati pakufunika kufewetsa, funsani kuchipatala mafuta ake opangidwa ndi madzi.

Anyamata a njinga zamoto ndi ogulitsa mbatata ndi kabichi pa Tsangano Turn-off, kondomu imene yatha miyezi m'kachikwama ka ndalama, kuikhalira ndi kuiwotcha padzuwa, musaikhulupirire. Kaya ndi Jeito ya kuno, kaya ndi Chishango ya ku Malawi, kaya ndi yaulere ya kuchipatala cha boma, onani tsiku lothera ntchito pa paketi, pamene alemba kuti validade kapena EXP. Paketiyo musaing'ambe ndi mano.

Ikaphulika, thamangirani kuchipatala

Kondomu ikaphulika kapena kuvuka, musataye nthawi ndi beseni. Pali mapiritsi olera a pangozi, ndipo amagwira bwino kwambiri akamwedwa msanga, makamaka maola 72 asanathe, ngakhale kuti amaperekedwa mpaka masiku 5. Ntchito yawo ndi kuchedwetsa dzira kuti lisakumane ndi mbewu za abambo. Sachotsa mimba imene yakhazikika kale, ndipo sachititsa mayi kukhala wosabereka. Kumene kuli anamwino odziwa kuika lupu ya mkuwa, ikaikidwa masiku 5 asanathe imateteza kuposanso mapiritsi.

Ngati simukudziwa mmene mnzanuyo alili m'magazi, uzani anamwino tsiku lomwelo. Mankhwala a PEP, oteteza ku HIV, ayenera kuyambidwa maola 72 asanakwane ndipo amamwedwa masiku 28. Chimodzimodzi mtsikana kapena mayi amene wagwiriridwa: apite naye msanga, asadikire kuti nkhani iyambe yakambidwa kwa amfumu. Achinyamata amene mukuchita manyazi, funsani ngati chipatala chanu chili ndi chipinda cha SAAJ, chimene chinakonzedwera inu. Amene muli pafupi ndi zipatala za ku Ntcheu kapena ku Dedza, mankhwalawa kumenekonso amawadziwa.

Ngati simukufuna mimba chaka chino, phatikizani kondomu ndi njira ina monga jakisoni wa miyezi 3, mapiritsi a tsiku ndi tsiku, kachipangizo ka pamkono kapena lupu. Njira zinazi zimaletsa mimba kokha, pamene kondomu imatchinganso HIV, chindoko ndi chinzonono. Ndipo msambo ukachedwa kupitirira sabata imodzi pambuyo pa ngozi yotere, pitani mukayezetse mkodzo.