Mayeso Owerenga Masiku a Wophunzira

Mumzinda wa Tokyo, ku Japan, muli nyumba yotchedwa Hombu Dojo, likulu la aikido, luso lodzitetezera limene anayambitsa Morihei Ueshiba, amene anamwalira m'chaka cha 1969. Kumeneko mphamvu ndi changu sizimufikitsa munthu pa mayeso. Chimene amawerenga ndicho masiku amene wophunzira waponda pa mphasa yophunzirirapo.

Wophunzira watsopano ayenera kukwanitsa masiku 30 asanayesedwe gawo loyamba, lotchedwa kyu yachisanu. Akapambana, kuwerenga kumayambanso: masiku 40, kenaka 50, enanso 50, kenaka 60, ndipo potsiriza 70 kuti ayesedwe za lamba wakuda. Onse pamodzi ndi masiku 300.

M'masabata oyamba ntchito yake yaikulu ndiyo kuphunzira kugwa mosavulala. Amagwetsedwa, nadzuka, nagwetsa mnzake, mosinthanasinthana, kufikira mawondo ndi mikono zitawawa. Phunziro la m'mawa limayamba 6.30, ndipo ena akatuluka amalunjika ku ntchito.

Pa tsiku la mayeso palibe mpikisano. Woyesa amatchula dzina la kagwiridwe m'Chijapani, ndipo wophunzira ayenera kuchita pomwepo, kumanja ndi kumanzere, wosaima kuti aganize. Wojomba amadziwika msanga, pakuti thupi silikumbukira chimene silinabwereze. Ndiponso sangapambane payekha, popeza luso lake limaonekera pa mnzake amene akumugwetsa.

Aphunzitsi amene amadandaula za ana oloweza usiku wokha woti mawa ndi mayeso angalingalire dongosolo limeneli.